Amene Anaonetsa Alendo Njira ya ku Ng'anjo

Madzimoyo,
Lachinayi, dzuwa litapendeka.

Taonga mwana wanga,

Amayi ako akukazinga nshawa zako za paulendo kuseri, iwe wapita kukatsanzika anzako a kwaya, ndiye ndapeza mpata wokhala pakhonde ndi cholembera. Mawa basi ikutengera ku Lusaka, kenako ndege, mpaka kusukulu ya zojambula mafilimu kumene ine sindidzapondako. Kalatayi ndiika pansi pa zovala m'chikwama chako. Usaiwerenge m'basi. Ukaiwerenge ukafika, utakhala pansi, chitseko chili chotseka.

Sabata yatha unandionetsa pa kompyuta yako mafilimu aja aphunzitsi ako akutumizira kuti uonere usanayambe maphunziro. Munali nkhalango zikupsa, mizinda yosanduka mabwinja, nyanja zikuphwa, anthu akuthawa ndi mitolo pamutu. Unandifunsa kuti, "Atate, mwa onsewa ndi ati ofunikadi kuonera?" Ine ndinati onse ndi abwino, n'kunyamuka kukaona ng'ombe zimene ndinali nditaziona kale. Ndinathawa funso lako. Lero ndikuyankha, ndipo yankho lake si lokoma. Ndimadziwa za mafilimu amenewa kuposa mmene ukuganizira, koma sindinazidziwire m'kalasi.

Filimu yoyamba ya mtundu umenewu ndinaionera ndili mnyamata wongoyamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Anationetsa mu holo ina kufupi ndi Tamanda, atapachika nsalu yoyera pakhoma. Inali ya dziko lina lakutali kumene nthaka inatha, minda n'kusanduka mchenga, anthu n'kusiya midzi yawo. Ndikukumbukira mayi wina m'filimuyo akukumba pansi pa mtsinje wouma ndi mbale. Ife alangizi tinali kumbuyo, tikuseka ng'ombe zawo zowonda. Ndinauza mnzanga kuti, "Izi n'za kwa eni. Kuno mitengo ingathe bwanji?" Nthawi imeneyo mapiri ozungulira Chipata anali akuda bii ndi mitengo, moti munthu ukalowamo masana unkamva kuzizira. Taonga, ukamaonera za kwa eni usamaseke, ndipo usamamve chisoni chotsika mtengo chija chimene chimatha magetsi akayaka. Uzidzifunsa kuti mtsinje wa m'filimuwo ukufanana ndi uti kwanu. Ine sindinadzifunse.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali ndi yunifolomu ndi njinga yamoto. Ananditumiza ku Kasenengwa, kwawo kwa amayi ako, kukalimbikitsa thonje. Buku lathu linkati munda wabwino ndi wopanda chitsa, kuti khasu la ng'ombe lidutse mosakodwa. Ine ndinalikhulupirira bukulo kuposa Baibulo. Ndinkayenda mudzi ndi mudzi kuzulitsa zitsa, ndipo mlimi wosiya mtengo pakati pa munda ndinkamutchula pamsonkhano kuti ndi wotsalira. Amalume ako a Yakobe, mchimwene wa amayi ako, anali ndi munda wotsetsereka wolekeza ku kamtsinje ka Kazizi. M'mbali mwa kamtsinjeko munali mikuyu ndi mitengo ina ikuluikulu imene atate awo anaisiya dala. Ndinawauza kuti aidule, alime mpaka kumadzi.

Iwo anati, "Alamu, mitengo iyi ndi imene yagwira mtsinje."

Ine ndinati, "Mtsinje ugwidwa ndi mtengo? Alamu, sukulu inakudutsani patali."

Anthu anaseka. A Yakobe sanaseke, koma anadula, chifukwa munthu wovala yunifolomu atanena pagulu, ndani akanakana? Zaka zoyambirira thonje linachita bwino, ine n'kumayenda mutu uli m'mwamba. Kenako mvula inayamba kukokolola. Chigwembe chinayambira pamene panali mkuyu waukulu, chaka ndi chaka n'kumadya munda kulowera kumtunda, mpaka chinakula moti ng'ombe itagweramo inkaoneka nyanga zokha. Kazizi anayamba kuuma mvula ikangotha. Tsiku lina ndinapeza agogo ako akukumba pansi pa kamtsinjeko ndi mbale, ndipo ndinatembenuza njinga yamoto asanandione. Umve, mwana wanga: dziko silitha tsiku limodzi ngati mmene mafilimu ena amaonetsera, ndi nyimbo zoopsa ndi utsi. Limatha pang'onopang'ono, masana, anthu ophunzira akuwomba m'manja.

Munda utapita, a Yakobe anali ndi ana asanu ndi nkhwangwa imodzi. Anayamba kuotcha makala kuphiri. Ankamanga matumba panjinga, n'kupalasa mpaka m'tauni, thukuta likuchita kusiya mchere pamalaya. Ine ndinali nditasiya ntchito ya ulangizi, tikukhala kuno. Magetsi akazima, amayi ako ankaphikira makala a mchimwene wawo, ndipo ine ndinkadya osafunsa. Ukumbukire zimenezi: ndinkadya osafunsa.

Ndiye kunabwera alendo a makamera. Iwe unali sitandade... ayi, ndinene zathu, unali giredi yachitatu. Anali azungu awiri, mwamuna ndi mkazi, ndi woyendetsa galimoto wa ku Lusaka amene Chinyanja chake chinali cha m'basi. Ankajambula filimu ya kutha kwa nkhalango, ndipo ankafuna munthu wodziwa Chingerezi ndi midzi. Wina anawalozera kwa ine. Sindikubisira, ndinakondwa. Zaka zinali zitapita popanda wondifunsa nzeru, ndiye apa azungu akundilemba m'kabuku chilichonse chotuluka pakamwa panga. Ndinavala jekete. Ndinakwera kutsogolo kwa galimoto yawo, zenera lili lotsitsa kuti anthu andione. Taonga, uchenjere ndi munthu woyamba kukuthamangira ukafika pamudzi ndi kamera. Nthawi zambiri si amene akudziwa zambiri. Ndi amene ali ndi njala yoti aonedwe, kapena ali ndi choti abise. Ine ndinali nazo zonse ziwiri.

Tsiku loyamba anafuna kujambula mayi akutunga madzi. Ndinawatengera amayi ako, chifukwa tinali titapita nawo ku Kasenengwa. Amayi ako anamva kuti akajambulidwa, ndiye anavala chitenje chawo cha bungwe la amayi a kutchalitchi ndi nsapato zawo za Lamlungu. Mzungu wamkazi anawayang'ana, n'kundinong'oneza kuti kodi sangavale za masiku onse? Ndinamva chimene ankatanthauza. Ndinapita kwa amayi ako n'kuwauza kuti avule nsapato, abwereke chitenje chakutha kwa agogo ako.

Anandifunsa kuti, "Atate ake Taonga, mukufuna dziko lonse lindione chonchi?"

Ndinati, "Musavute, ndi mmene zimakhalira."

Anayenda opanda nsapato pamchenga wotentha wa Kazizi kanayi konse, chifukwa ulendo woyamba dzuwa linali kolakwika, wachiwiri anamwetulira, wachitatu mbuzi inadutsa. Ulendo wachinayi sanamwetulire, ndipo alendowo anati bwino kwambiri. Nkhope yachisoni imene ili m'filimuyo si ya madzi ayi. Ndi ya mkazi amene mwamuna wake wamuvula nsapato pamaso pa alendo. Ukamaonera mafilimu akowo, uziyang'ana kumapazi. Uzifunsa kuti munthuyu wavala zimene anasankha yekha kapena wamuveka wina. Ndipo iwe usadzavule munthu chimene wavala kuti chisoni chake chikwane pa kamera yako.

Tsiku lachitatu anati akufuna kuona ng'anjo ya makala ikufuka, ndi mwini wake ali pomwepo. Anthu onse a m'mudzimo anakana kuwaonetsa njira. Ankadziwa kuti kuotcha makala m'phiri lija n'koletsedwa, ndipo kamera siiwala nkhope. Alendowo anayamba kukhumudwa, n'kumakambirana zopita ku boma lina ndi womasulira wina. Ine sindinafune kutsika m'galimoto ija. Ndinati ndikudziwa malo. Ndinawatsogolera ndekha, kudutsa pachigwembe chija, kukwera phiri, mpaka pamene amalume ako anali kukwirira ng'anjo ndi dothi.

Atationa anaima, khasu lili m'manja. Anayang'ana kamera, kenako ine.

"Alamu, mwabwera ndi ndani?"

"Ndi anthu abwino," ndinatero. "Izi zikaonetsedwa kunja kokha. Kuno palibe adzaone."

Sindinkadziwa ngati zinali zoona. Sindinafunse n'komwe. A Yakobe anapukuta manja pa buluku, n'kuvomera, chifukwa amene wawatsimikizira anali mwamuna wa mlongo wawo.

Mzungu wamwamuna anafunsa kuti, kodi mukudziwa kuti mukuwononga dziko la ana anu? Ndinamasulira. Amalume ako anayankha, ndipo analankhula bwino kuposa mmene ndinawamvera moyo wanga wonse. Mawu awo ndikuwakumbukira onse, chifukwa ndakhala nawo zaka zonsezi ngati munga m'phazi. Anati: "Makala awa sindiphikira ine. Kwanga timaphikira zitsononkho ndi tinthambi. Tsikani m'tauni mukaone amene amagula, a nyumba za malata ndi mipanda ya njerwa. Ngakhale kumene mukugona inuko nyama yanu akuotchera makala a phiri lino. Ine ndinali mlimi. Munda wanga uli m'chigwembe chimene mwadutsacho. Anandiuza kuti ndidule mitengo ya kumtsinje ndi awa ali pambali panuwa. Afunseni."

Kamera inali ikujambulabe. Alendo onse awiri anatembenukira kwa ine kudikira Chingerezi. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti: akuti akudziwa kuti n'kulakwa, koma ndi wosauka ndipo sanaphunzire, sadziwa njira ina.

Mzungu wamkazi anagwedeza mutu mwachifundo. Wamwamuna anafunsa ngati ndi zokhazo, popeza munthuyo analankhula nthawi yaitali. Ndinati chinenero chathu chimazungulira. Ndinanamizira chinenero cha amayi anga kuti ndipulumutse jekete langa. A Yakobe sankamva Chingerezi, koma ankatha kuona kuti mawu awo alowa ochuluka n'kutuluka ochepa. Anandiyang'ana, n'kubwerera ku ng'anjo yawo.

Taonga, ukamve bwino apa. M'mafilimu amenewa, munthu wosauka akalankhula nthawi yaitali koma mawu olembedwa pansi n'kukhala mzere umodzi, dziwa kuti pali wina ngati ine waima pambali pa kamera. Usakhulupirire. Ndipo iwe ukadzapita kujambula kumene sumva chinenero chawo, udzapeze anthu awiri osadziwana kuti akumasulire, mmodzi lero wina mawa. Udzawerengere mwini mawu zimene walemba asanazione wina aliyense.

Filimuyo sinakhale kunja kokha. Patapita chaka inaonetsedwa pa wailesi yakanema, ndipo m'tauni anthu anaionera akudya zophikidwa pa mbaula. Nkhope ya amalume ako inadzaza galasi lonse, utsi uli kumbuyo, nyimbo yoopsa ikulira. Mawu awo anawatsitsa, pamwamba n'kuika anga. Akuluakulu ena anachita manyazi kuti dera lawo laonekera poipa, ndiye anafuna munthu woti alangidwe. Sanavutike kumufuna. Phiri linkaoneka bwinobwino, dzina la mudzi linalembedwa pansi. Anabwera ndi galimoto, anaphwasula ng'anjo, anatenga njinga ndi nkhwangwa, n'kutenganso a Yakobe. Anakhala m'ndende miyezi ingapo. Malole odzaza makala sanasiye kudutsa pamsewu waukulu ngakhale tsiku limodzi. Mbaula za m'tauni sizinazime. Alendo aja ndinamva kuti anayamikiridwa kwawo. Ananditumizira kalata yothokoza ndi chithunzi changa nditavala jekete. Za a Yakobe sanafunse.

Anatuluka akutsokomola. Ndinapita kukawaona ndi thumba la ufa, ndipo ndinawapeza atakhala pampasa kuseri kwa nyumba, atawonda moti mawondo anali ngati zibonga. Mphunzitsi wina wa m'mudzimo anali atawauza kale zimene Chingerezi cha m'filimu chinkanena. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira.

Anati, "Alamu, ndinakupatsani mawu kuti muwaolotse. Munawasiya kuti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti azungu ndi amene amadula, kuti filimu ili ndi nthawi yochepa.

Anati, "Ufawo siyani, ana adya. Inu pitani."

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene anandilankhula. Anakhala zaka zina zitatu, tikukumana pamaliro ndi paukwati, iwo n'kumayang'ana kumbali. Chifuwa chija chinawatenga. Pamaliro awo anandipempha kuti ndilankhule monga mkamwini wophunzira, ndipo ndinalankhula. Ndinati anali munthu wolimbikira ntchito. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ine ndinasiya mlomo paphiri lija, ndipo ndimaupeza tsiku lililonse.

Kulakwa komaliza ndi kwa iwe. Chaka chatha unaipeza filimuyo pa foni, n'kubwera nayo ukuthamanga. Unalira utaona amalume ako, unakwiya utaona mapazi a amayi ako, n'kunena kuti ichi n'chifukwa chake ukufuna kuphunzira ntchito imeneyi, kuti anthu athu asamanenedwe ndi alendo. Kenako unabwezera filimuyo pamene pali ng'anjo, n'kutchera khutu. Unati, "Atate, womasulirayu mawu ake akufanana ndi anu." Nkhope yanga siioneka m'filimumo, ndipo dzina langa analilemba molakwika kumapeto. Ndinati aphunzitsi ndi alangizi a nthawi yathu tonse tinkalankhula Chingerezi chofanana. Unandikhulupirira. Amayi ako anali pakhomo, anamva, n'kulowa m'nyumba. Ndiwe wopita kutali ndi mkwiyo woyera pa alendo, osadziwa kuti wakuba mawu a amalume ako ndi amene anakuphunzitsa kuwerenga. Sindikufuna unyamule bodza limeneli kudutsa nalo malire.

Tsopano funso lako. Mwa mafilimu aja unandionetsa, ambiri ndi okongola, ndipo kukongola kwawoko n'kumene kumandinyansa. Amajambula kuchokera m'mwamba, kumene chigwembe chimaoneka ngati chojambula cha pa chitenje, ndipo munthu saoneka n'komwe. Amakuopseza ola limodzi, n'kukusiya ukudziona wabwino chifukwa waopa. Amenewo uonere kuti udziwe mmene amagwirira kamera, koma usawapatse mtima wako. Panali imodzi yokha imene ndinaimirira pakhomo n'kuionera mpaka kumapeto, iwe ukuganiza kuti ndili kukhola. Ija ya asodzi a nyanja imene inaphwa. Munalibe nyimbo. Bambo wokalamba analankhula nthawi yaitali, anatsokomola, anaiwala dzina la nsomba, anakwiyira wojambula, ndipo wojambulayo sanadule. Kenako kamera inanyamuka n'kutsata madziwo kumtunda, mpaka kwa amene anawapatutsira m'minda yawo ikuluikulu, n'kugogoda pazipata zawo. Imeneyo uionere kawiri. Filimu yofunika kuonera ndi imene siima pa munthu wogwira nkhwangwa, koma imatsata thumba la makala mpaka pakhomo pamene latsitsidwa, ngakhale khomolo likhale la atate ake a wojambulayo.

Uzifunanso mafilimu aja amene wojambula anabwerera patapita zaka kukaona chimene chinagwera anthu ake. Ndi ochepa, koma alipo. Ndipo ukaona filimu yonena kuti anthu a kumalo akutiakuti sadziwa chimene chikuwachitikira, izimitse. Amalume ako sanapite patali ndi sukulu, koma anadziwa chogwira mtsinje ine ndisanadziwe, anadziwanso wogula makala alendo aja asanafunse. Anthu amadziwa. Chimene amasowa ndi munthu woolotsa mawu awo osawataya m'madzi.

Kumene ukupitako adzakukonda chifukwa ndiwe wochokera kuno. Adzakufunsa za njala, za mitengo, za amayi osenza madzi. Udzaona kuti ukawauza zomvetsa chisoni maso awo akuwala, ukawauza kuti ifenso tili ndi mbali yathu pa kuwonongekaku, kapena kuti iwonso ali nayo, ayamba kuyang'ana koloko. Pamenepo m'pamene udzayesedwe. Udzafuna kufupikitsa. Udzati ndi chiganizo chimodzi chokha, palibe adzadziwe. Inenso chinali chiganizo chimodzi. Usafupikitse, Taonga. Ndikubwereza, usafupikitse mawu a munthu kuti ukhalebe kutsogolo kwa galimoto.

Zina n'zimene kholo lililonse linganene. Uzidya, usamangomwa tiyi. Uzipemphera ngakhale tchalitchi chawo chikhale chozizira. Uziimbira amayi ako Lamlungu, ngakhale utasankha kusalankhula ndi ine. Ngati ungatero sindidzadandaula, ndipo usafulumire kundikhululukira chifukwa choti ndakalamba. Chifundo chofulumira ndachiona kale pankhope za alendo, sichinathandize munthu.

Amayi ako angobwera kumene ndi nshawa m'lichero kuti zizizire pakhonde pano. Andifunsa chimene ndikulemba masamba onsewa. Ndawawerengera, kuyambira pa ng'anjo mpaka pamaliro. Aka n'koyamba kunena zimenezi mokweza m'nyumba ino. Amvetsera ataimirira, lichero lili m'manja. Nditamaliza anati, "Mwalemba bwino. Koma Taonga si amene anamangidwa. Ana a Yakobe ali ku Kasenengwa, ndipo Chinyanja amamva."

Choncho mawa ku basi akuperekeza amayi ako ndi azakhali ako. Ukadzuka udzapeza nditapita, ndipo udzaganiza kuti atate ako analephera kupirira kutsanzikana. Si choncho. Ndidzakhala ndili panjinga, kulowera kumene ndinayenera kupita kalekale, ndipo sindikudziwa ngati adzandipatsa mpando.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere kuposa mmene ine ndinatsogolera ena.

Ndine tate wako,
Fabiano